Voti ya Rahila Faruku

Rahila Faruku ndagwira naye ntchito zaka zitatu tsopano, pa kampani ya a Chande yogaya ndi kugulitsa mpunga pa boma la Nkhotakota. Ine ndine Liness. Ndinakulira ku Dwangwa, komwe makolo anga anafika kuchokera ku Mzimba kudzadula nzimbe, ndipo ntchito yanga pakampanipo ndi yotumiza malole. Desiki yanga ili pafupi ndi khomo. Ya Rahila inali pakona, pansi pa zenera lomwe sititsegula, chifukwa kuseri kwake n'komwe makina amalavulira mankhusu. Ukangolitsegula, mapepala onse amachita mbuu ndi fumbi, thupi n'kumayabwa mpaka poweruka. Ndiye timangopirira kutenthako, fani imodzi ikutembenuka mwaulesi, ngati magetsi alipo.

Kwawo n'ku Liwaladzi, ukaoloka Bua. Bambo ake, a Faruku, anali msodzi mpaka pamene msana unayamba kuwavuta. Masiku ano amasoka maukonde a anzawo ndi kulima mpunga kudambo. Mwa ana awo asanu, Rahila yekha ndiye anafika ku koleji. Anabwerako ku Lilongwe ndi dipuloma ya zaulimi, abale n'kumulandira ndi nthungululu, kenako anakhala pakhomo zaka ziwiri zathunthu. Makalata ofunsira ntchito analemba osawerengeka. Kamodzi anaitanidwa ku intavyu ku Salima, n'kukapeza anthu atadzaza bwalo la sukulu, onse akulimbirana malo anayi. Sanamutenge. Azimayi a m'mudzi anayamba kufunsa mayi ake ngati mapepala a sukulu amaletsa kukwatiwa.

Ntchito inapezeka pakhonde la mzikiti. Lachisanu lina a Faruku anabwera dala kudzaswali pa boma. Mapemphero atatha anadikira a Sufiyani Chande, eni kampani, akuvala nsapato, n'kuwauza kuti ali ndi mwana wophunzira amene akungokhala.

"Abwere Lolemba," anatero a Chande, osafunsa n'komwe dzina la mwanayo.

Chiyambire tsiku limenelo sanamutchulepo Rahila. Ankangoti "mwana wa Faruku". Ndipo Loweruka lililonse akafika kwawo, asanavule n'komwe nsapato, bambo ake ankafunsa funso limodzimodzi: "Sunawakhumudwitse bwana?"

Ntchito yake inali ya alimi. Asanabwere iye, kampani inkagula mpunga mwachisawawa, lole n'kupita kumudzi komwe anthu sanapunthe, kwina mpunga n'kunyowa podikira. Rahila anakwera kabaza miyezi itatu, mudzi ndi mudzi, kuyambira kumathero a Bua mpaka ku Kanyenda, akulemba dzina la mlimi aliyense, nambala yake ya foni, kukula kwa munda, ndi mtundu wa mpunga umene amalima, kaya kilombero kaya faya. Mayina anapitirira mazana asanu ndi anayi. Anawaika onse mu kompyuta, ndipo nyengo ikafika ankawatumizira uthenga wa tsiku lofesa, la kuokera, ndi la kubwera kwa lole. Alimi anam'patsa dzina loti Mayi Mlangizi. Foni yake inkalira ngakhale Lamulungu, ndipo sindinamumvepo akudandaula. Chimene ankadandaula nacho n'chakuti alendo akabwera, iye yemweyo wa dipuloma ndiye ankatumidwa kukawiritsa tiyi.

Vuto lina linali Fahad, mwana wa mlongo wawo wa a Chande, amene ndi manijala wathu. Fahad ali ndi mkazi ndi ana awiri, koma anayamba kumaitana Rahila muofesi mwake pa zinthu zoti akanatha kufunsa ali pakhomo. Akalowa, ankati atseke chitseko chifukwa cha phokoso la makina. Ine ndi Rahila tinapangana kuti pakangotha mphindi zisanu, ine ndizigogoda ndi pepala la lole loti asayine. Tsiku lina a Chande analowa mosayembekezeka, n'kupeza chitseko chili chotseka. Anachitsegula okha, n'kuchitsekereza ndi mpando.

"Chitseko ichi chizikhala chonchi," anatero. "Mwana wa Faruku bambo ake anamupereka kwa ine, osati kwa iwe."

Fahad anaseka ngati ndi nthabwala, koma kuchokera pamenepo anachepetsa. Rahila anandiuza kuti m'nyumba yonseyo, chomuteteza chinali kutsokomola kwa a Chande m'kolido.

Chaka cha chisankho chitafika, Rahila anasangalala ngati mwana. Anali ndi zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zitatu, koma anali asanavotepo. Kalembera wa chisankho chapitacho anam'dutsa ali kusukulu, kutali ndi kwawo. Ulendo uno anapempha tsiku, n'kukalembetsa pa pulayimale ya kwawo ku Liwaladzi. Pa nthawi ya nkhomaliro, ife tikukamba za maukwati, iye ankakhala ndi wayilesi ya pa foni kukhutu, kumvera mitsutso ya ofuna mipando. Ankalemba zimene alonjeza kuseri kwa mafomu akale.

"Iwe ukudzivutitsa," ndinkamuuza. "Onsewa ndi amodzi."

"Mwina," ankayankha. "Koma ndikufuna ndikasankhe ndekha chinthu chimodzi. Sukulu anandisankhira, ntchito anandipezera. Apa pokha palibe amene akandigwire dzanja."

Pa mpando wa phungu anali atasankha kale. Mayi Zelifa Sadick, amene anali mphunzitsi wamkulu pa pulayimale ya ku Liwaladzi zaka zambiri, anali atapuma ntchito ndipo ankayima pawokha. Anam'phunzitsa Rahila sitandade eyiti. Ankadziwika ndi njinga yawo yakuda yomwe ankayendera m'makomo kufunafuna atsikana ojomba. Mayiwa anamutsatira Rahila mwini kawiri kudambo, nyengo ya kuingitsa mbalame, n'kumubweretsa kusukulu pa kaliyala matope ali m'miyendo.

Kenako, mwezi wa Juni, a Chande anatisonkhanitsa tonse pabwalo la malole. Anali atalephera pa chisankho cha chipulula m'chipani chawo, ndipo anati anawabera. Anatiuza kuti ayima pawokha, chizindikiro chawo ngala ya mpunga. Tinaomba m'manja. Rahila anaombanso, koma ndinaona kuti manja ake sakugundana kwenikweni.

Ofesi inasanduka likulu la kampeni sabata yomweyo. Pakona pomwe pankakhala matumba a zitsanzo panaunjikidwa mabelo a matisheti ndi zitenje. Pulinta inkagwira ntchito mpaka kununkha. Malole anga awiri anawamangirira zokuzira mawu. Aliyense analamulidwa kuvala tisheti yobiriwira yokhala ndi nkhope ya bwana, ndipo Rahila ankaivala pamwamba pa diresi lake lalitali, hijabu n'kugwera pachipumi cha a Chande.

Lachiwiri lina a Chande anaima pa desiki yake.

"Mwana wa Faruku, kaundula wa alimi uja ndikumufuna. Uwaimbire onse. Uwafunse komwe analembetsa, ndipo uwakumbutse amene amawagula mpunga."

Rahila anaimirira. "Bwana, pepani. Anthu aja anandipatsa manambala chifukwa cha ulimi. Ndinawalonjeza kuti ndi za mpunga basi."

"Ngala ya mpunga si mpunga?" Anaseka pang'ono, kenako nkhope inauma. "Kompyuta imeneyi ndi ya ndani? Kabaza uja unkakwera ankatuma ndani?"

"Inu, bwana."

"Ndiye yamba lero."

Anayamba. Ndinkamumva tsiku lonse, mawu atatsika, akubwereza zomwezo. Alimi ena ankayankha mokondwa poganiza kuti ndi za mbewu, n'kuzizira atamva nkhani. Mmodzi wa ku Kanyenda anamufunsa kuti, "Mayi Mlangizi, ndikakana ndiye kuti lole sidzabwera?" Rahila anamuuza kuti sakudziwa. Zinali zoona. Sankadziwa.

Mwezi wa Ogasiti Fahad anabweretsa mafomu. Wantchito aliyense anayenera kulemba mayina a anthu a kwawo amene alonjeza kuvotera bwana. Ine anandipatsa makumi awiri, poti ndine wobwera. Rahila anamupatsa makumi asanu ndi limodzi.

"Ku Liwaladzi n'kwa aphunzitsi aja, tikudziwa," anatero Fahad. "Koma iwe kumeneko amakumvera. Zotsatira amamata pakhoma pa senta iliyonse yovotera. Tikawerenga. Ndipo amalume anena kuti chisankho chikatha, aliyense adzalumbira pamaso pawo kuti anavotera ndani. Akhristu Baibulo, ife Kurani." Anatsamira pa desiki, n'kutsitsa mawu, koma ndinamva. "Upemphere apambane. Akapita ku Lilongwe, ofesi ino itsala m'manja mwanga, ndipo ine sindiiwala anthu anga."

Atatuluka, Rahila anandiyang'ana.

"Wamva? Akapambana, nditsala ndi uyu. Akaluza, mlandu ukhala wanga. Ndipemphere chiti, Liness?"

Ndinangomupatsa madzi.

Loweruka limenelo anapita nayo fomu kwawo. Anawapeza bambo ake pansi pa mtengo wa mango, ukonde uli pamiyendo. Anawafotokozera zonse kupatula za Fahad. A Faruku anamvetsera osasiya kusoka.

"Lemba langa," anatero. "Lemba la mayi ako, la azakhali ako, la onse a pabanja pano. Ena ndikawauza ine."

"Ndiye mukawavotera a Chande, ababa?"

"A Chande ndi munthu wabwino pa mpunga, ndipo anatichitira chifundo. Koma mudzi uno unapangana kale. Aphunzitsi aja ana athu anawanyamula pa njinga. Dzina papepala si voti, mwana wanga. Anthu alemba kuti ntchito yako isathe. Kuseri kwa katoni yovoteramo ija munthu amakhala yekha ndi Mulungu wake."

Pofika Lamulungu masana mayina anali atakwana. Anthu ankabwera okha, ena akuseka, ena akumusisita paphewa. Mayi wina wogulitsa usipa anati, "Lembanso la mwamuna wanga, ali pa nyanja, sangakane." Rahila anabwerera pa boma ndi fomu yodzaza, akudziwa kuti palibe dzina limodzi loona. Lolemba a Chande anaiwerenga, n'kumuyamikira pamaso pa tonse. Anati ena titengere chitsanzo. Iye anangoyang'ana pansi.

Tsiku lovota linali la tchuthi dziko lonse, koma ife tinauzidwa kufika kuntchito m'mamawa. Ine ndinalembetsa pa boma pomwepo, ndiye ndinavota msanga n'kubwerera kukalongedza chakudya cha mamonitala a bwana, anthu amene ankayang'anira mavoti awo m'masenta. Rahila anauzidwa kukwera pikapu ndi Fahad kukagawa chakudyacho, kuyambira kutali ku Kanyenda n'kumabwerera. Zimene zinachitika paulendowo anandiuza yekha patapita masiku.

Ataoloka Bua, anadutsa pa sukulu ya kwawo. Mzere unali utatuluka pachipata mpaka kumsewu. Anawaona mayi ake ali pamzerewo, atafunda nsalu yofiira.

"A Fahad, nditsikeko pano ndivote. Mundipeza pobwerera."

"Chakudya chizizira. Tiima pobwerera."

Msewu unali wa fumbi m'malo ambiri chifukwa chokonza, ndipo anafika ku Kanyenda dzuwa litakwera. Senta iliyonse Fahad ankatsika, n'kumacheza ndi anyamata a kampeni, kufunsa m'mene zikuyendera, kuimba foni. Nthawi ya swala ya masana inakwana, anakaswali. Atatuluka anati adye kaye. Rahila ankayang'ana nthawi pa foni. Atamukumbutsa kachitatu, Fahad anamwetulira.

"Ukufulumira chiyani? Voti imodzi? Kapena pali amene ukufuna kukamuthandiza?"

Rahila anatsika, n'kutsitsa mapoto otsala pakhonde la golosale, n'kuimitsa kabaza wa njinga yamoto. Fahad anamuitana kawiri, iye osacheuka. Anandiuza kuti m'zaka zonse zimene wagwira pakampanipo, mphindi zimene anakhala pa njinga ija, mphepo ikumuomba kumaso, ndi zokhazo zimene anamva kuti ndi munthu wamkulu.

Anafika pa sukulu patatsala nthawi yochepa kuti atseke. Pamzere panali anthu osakwana khumi. Anavula tisheti ya kampeni kuseri kwa kalasi, n'kuipinda m'chikwama. Malo ovotera anawaika pansi pa mitengo, kutsogolo kwa kalasi yomwe anaphunziramo sitandade eyiti. Pabenchi la mamonitala panali Yasini, amene amayendetsa makina kuchigayo kwathu, naye wa ku Liwaladzi konko. Anamukwezera dzanja.

Anapeza dzina lake m'kaundula, anamupaka inki pachala, anam'patsa mapepala atatu. La pulezidenti ndi la khansala anachonga mosavuta. Kenako anatambasula la phungu. Nkhope ya mayi Zelifa inali pamwamba, atavala magalasi omwe aja. Ya a Chande inali pansi, ndi ngala yawo ya mpunga.

Anandiuza kuti cholembera anachiika pa kabokosi ka pambali pa dzina la aphunzitsi, nsonga n'kukhudza pepala. Ndiye anakumbukira Kurani. Anadziona ataima muofesi ya a Chande, dzanja lili pa Buku, akufunsidwa. Rahila amatha kukhala chete, amatha kuzemba funso, koma kulumbira bodza pa Kurani sangathe, ngakhale mutamuopseza bwanji. Akanena zoona, ntchito yatha, ndipo bambo ake sadzaimanso pakhonde la mzikiti uja mutu uli m'mwamba. Anakumbukira zaka ziwiri zija za pakhomo. Anakumbukiranso mayina makumi asanu ndi limodzi omwe analemba ndi dzanja lake, n'kuganiza kuti mwa onsewo, limodzi lokha, lake lomwe, likhale loona.

"Achemwali, pali vuto?" anafunsa mayi wina wogwira ntchito ya chisankho. "Tikufuna kutseka."

Anatsitsa dzanja, n'kuchonga pa ngala ya mpunga. Anapinda pepala, analiponya m'bokosi, n'kutuluka. Sanapite kwawo nthawi yomweyo. Anakakhala pa sitepe ya kalasi ija mpaka dzuwa litalowa.

M'mawa mwake zithunzi za zotsatira zinayamba kufika pa mafoni athu, senta ndi senta. Ya ku Liwaladzi inafika tikumwa tiyi. Mayi Zelifa anapeza mavoti opitirira mazana asanu. A Chande anapeza asanu ndi anayi. Fahad anawerenga mokweza, kawiri, akuyang'ana pakona pa Rahila. Pomaliza penipeni onse awiri analuza. Mpando unapita kwa bambo wina wa chipani, amene anasesa masenta a kutali ndi nyanja. Mayi Zelifa anakhala achiwiri, a Chande achinayi.

Bwana sanabwere kuntchito sabata yathunthu. Atabwera anali ataonda, ndevu zosameta. Za Baibulo ndi Kurani sanazitchulenso. Ena amati shehe anawaletsa, ena amati Fahad anangozipeka kuti atiopseze. Koma anatiitana mmodzimmodzi. Rahila anali womaliza, ndipo chitseko chinali chotsegula, choncho ndinamva zonse.

"Unandibweretsera mayina makumi asanu ndi limodzi."

"Inde, bwana."

"Ndapeza asanu ndi anayi. Yasini wandiwerengera. Iye, mkazi wake, mayi ake, abale ake anayi, alamu ake awiri. Akwana. Iwe uli pati pamenepo?"

"Bwana, ine ndinavotera inu."

"Usandinamize, mwana wa Faruku."

"Wallahi, bwana. Bweretsani Kurani ndilumbire."

"Siya Buku la Mulungu pa nkhani zimenezi!" Anamenya tebulo. Kenako mawu anatsika. "Fahad akuti unamuthawa ku Kanyenda, kusiya chakudya cha anthu anga pakhonde la golosale, kuthamangira kukavota. Munthu amathamanga choncho chifukwa cha ine? Ndimadziwa amene anakuphunzitsa sukulu."

Rahila akanati chiyani? Akanati Yasini wanama pa mmodzi mwa abale akewo, koma analibe umboni, ndipo Yasini nayenso ali ndi ana.

"Sindikuchotsa," anamaliza a Chande. "Sindingachotse mwana wa munthu amene ndimaswali naye. Koma alimi anga usawagwirenso."

Tsiku lomwelo kompyuta yake inanyamulidwa. Kaundula anam'patsa msuweni wake wa Fahad, amene sadziwa kusiyanitsa kilombero ndi faya akadali kumunda. Ndipo poti a Chande anayamba kubwera Lachisanu lokha, kukhala ola limodzi n'kumapita, zonse zinatsala m'manja mwa Fahad, ngati kuti bwana anapambana. Iye ananena kuti akufuna mlembi. Desiki ya Rahila anaisamutsira muofesi mwake, moyang'anizana ndi yake. Ntchito yake tsopano ndi kuyankha foni ya kampani, kusunga mafayilo ndi kuwiritsa tiyi. Ine ndimagogodabe ndi mapepala a malole, koma malole sanyamuka mphindi zisanu zilizonse, ndipo Fahad anandichenjeza kale kuti ndizisonkhanitsa mapepala onse n'kubwera nawo kamodzi.

Kwawo nkhani inafika mwa mtundu wina. Anthu anamva kuti Rahila watsitsidwa chifukwa chovotera aphunzitsi, ndipo anamulandira ngati ngwazi. Azakhali ake anamuphikira nkhuku. Bambo ake, kwa nthawi yoyamba, sanafunse ngati anawakhumudwitsa bwana. Anamukhazika pambali pawo, n'kunena kuti, "Ndinkaopa kuti ofesi yakudya mtima. Alhamdulillah, ndiwe mwana wa pano." Rahila anadya nkhukuyo. Anandiuza Lolemba lake, tili kuseri kwa nyumba yosungiramo matumba, ndipo ndi pamene anandiululira za voti yake.

"Bwana akuti ndinawapereka. Ababa akuti ndinalimba mtima. Onse akunena za munthu wina. Ndikawauza ababa zoona ndiwapweteka, bwana ndawauza zoona sanakhulupirire. Ndiwe wekha ukudziwa, Liness."

"Nanga ukanachonga aphunzitsi, chikanasintha n'chiyani?" ndinafunsa, pofuna kumutonthoza. "Akanaluzabe."

"Chilango chikanakhala chomwechi," anatero. "Koma bwenzi chili changa."

Anayambanso kulemba makalata. Mwezi wa Novembala bungwe lina la ulimi wothirira linalengeza malo a alangizi awiri, ntchito yomuyenera ndendende. Ankafuna kalata yochokera kwa amene ukuwagwirira ntchito. A Chande anati zimenezo ndi za manijala. Fahad anaiwerenga fomu, n'kuiika m'dirowa yake.

"Tikambirana bwinobwino," anatero. "Kalata yabwino imafuna kuti munthu umudziwe."

Rahila sanaifunsenso. Anatumiza mapepala ake opanda kalatayo, ndipo sanaitanidwe.

Mvula itayamba, tsiku lina pa nkhomaliro tinapita limodzi kumsika kukagula chinangwa chootcha. Tikutuluka, wina anaitana kumbuyo.

"Rahila! Rahila Faruku!"

Anali mayi Zelifa, atanyamula ambulera ndi jumbo ya mankhwala, akuchokera kuchipatala. Chisankho chinali chitawakalambitsa, koma mawu anali a mphunzitsi wamkulu ndithu. Rahila anagwada pang'ono powapatsa moni. Iwo anamugwira manja onse awiri, osawasiya.

"Ndamva zonse, mwana wanga. Bambo ako anandiuza. Akuzunza chifukwa cha ine."

"Ayi, madamu, sizili choncho."

"Usabise. Anthu ambiri anandivotera, koma iwo sanataye kanthu. Iwe unataya. Pamene zotsatira zinatuluka ndinalira, sindikunamiza, ndinati zaka zonse zija ndinangotaya nthawi. Koma nditamva za iwe ndinati ayi, mwana mmodzi ndinamuphunzitsa ndithu."

Ndinamuyang'ana Rahila. Milomo yake inatseguka, ndipo ndinaganiza kuti anena. Mvula inali itayamba kuwaza, ogulitsa akukokera malonda awo pansi pa mapepala apulasitiki. Mayi Zelifa anatambasula ambulera, n'kumufunditsa iye, okha n'kumanyowa phewa.

"Ndikadzakhala ndi moyo, ndidzayimanso," anapitiriza. "Ulendo umenewo ndikufuna munthu wodziwa midzi ndi anthu ake, wolemba zinthu mwadongosolo, woti sangagulidwe. Ndakhala ndikuganiza za iwe. Udzandithandiza?"

"Inshallah, madamu," anatero Rahila, mawu ali pansi.

Anamusisita patsaya, n'kutsazika. Tinawayang'ana akuoloka msewu mosamala, akuzemba zithaphwi. Chinangwa chija chinali chitanyowa m'pepala. Foni ya Rahila inalira. Anali Fahad, akufunsa kuti ali kuti, alendo abwera ndipo tiyi palibe.

"Ndikubwera, bwana," anayankha.

Tinathamanga m'mvulamo mpaka kuchipata. Mlonda anatitsegulira, n'kulemba m'buku lake kuti tachedwa ndi mphindi khumi.